Mwapeza mtengo pakhomo, simukuudziwa komanso sukubereka? Dikirani kaye ndi nkhwangwayo

Nkhani iyi imachitikira kwambiri anthu amene angolowa nyumba ya lendi kapena agula poloti pomwe panali kale anthu, mumapeza kuseri kwa nyumba kuli chimtengo masamba ali biriwiri, mthunzi ulipo ndithu, koma simukudziwa kuti ndi mtengo wanji ndipo chaka chikutha osaona olo chipatso chimodzi. Aneba akuti ndi peyala, ana akuti ndi mango, alandilodi akuti anaupeza uli pomwepo. Nde mapeto ake munthu amangoti ukudetsa pabwalo nkuugwetsa. Ine zimenezi zimandiwawa chifukwa ina mwa mitengo yodulidwa chonchi imakhala kuti yangotsala pang'ono kuyamba kubereka, ina imangofuna kukonza kanthu kamodzi basi, pomwe munthu amene anaudzalayo anauthirira zaka ndithu. Tiyeni tiyende nawo pang'onopang'ono, kuyambira pa kuudziwa dzina.

Yambani ndi tsamba, koma musangothothola limodzi, thyolani kanthambi konse kali ndi masamba angapo mukhale nako pansi. Onani ngati tsamba lili palokha ngati la mango kapena peyala, kapena ndi lija lokhala ndi timasamba tambirimbiri pa kamtengo kamodzi ngati bwemba, nimu ndi keshya. Izi zokha zimachotsa mitengo yambiri pa mndandanda wanu. Kenako lifikiseni m'manja nkununkhiza, apa mphuno imaposa maso. Tsamba la mango limanunkha mango aawisi, olo mtengo uli waung'ono chotani. La lalanje, ndimu kapena nachesi limanunkha zomwezo, ndipo mukalikweza kudzuwa mumaona timadontho towala tambiri mkati mwake, ndi momwe mumakhala mafuta onunkhirawo. La gwafa ndi lokhakhala, mitsempha yake yatukuka kunsi, ndipo kanthambi kakang'ono ka gwafa sikobulungira, kali ndi makona 4, kazungulizeni pakati pa zala mumva. Peyala ndi mango ndi zimene anthu amasokoneza zikakhala zazing'ono chifukwa zonse zimatulutsa masamba atsopano ofiirira, koma la mango ndi lalitali lowonda komanso lolimba, la peyala ndi lotambalala pakati ndipo kunsi kwake ndi kotuwirako.

Mukatha apo pitani pa thunthu. Khungwa la gwafa ndi losalala ndipo limasupuka lokha tizigamba. Msuku khungwa lake ndi lakuda long'ambikang'ambika, masamba akuluakulu olimba ounjikana kunsonga kwa nthambi. Ngati pali minga yang'anani mmene yakhalira, msau umakhala ndi minga iwiriiwiri, ina yowongoka ina yokhota, tsamba lake laling'ono lili ndi mitsempha 3 yochokera pansi ndipo kunsi kwake ndi kotuwa. Kandani pang'ono ndi chikhadabo pa kanthambi, ukatuluka utomoni woyera ganizirani za banja la mkuyu ndi kachere. Utomoni umenewu usafike m'maso. Yang'ananinso pansi pa mtengo, mumatha kupeza nthanga zakale kapena makoko ouma omwe angakuuzeni zonse, kuphatikizapo kuti mtengowo unaberekapo kale.

Pano ndichenjeze kaye, chipatso cha mtengo umene simukuudziwa musalawe ndipo ana muwauze mwamphamvu. Indiya ali ndi tizipatso tachikasu tooneka bwino koma ndi poizoni, ndipo anthu ambiri amamusokoneza ndi nimu mpaka kumawiritsa masamba ake. Kusiyana kwake nkwakuti tsamba la nimu lili ndi mzere umodzi wa timasamba mbali ndi mbali ndipo maluwa ake ndi oyera, pomwe la indiya limagawikanso kachiwiri ndipo maluwa ake ndi a pepo. Msatsimanga womwe ena amachita mpanda nawonso nthanga zake ana amazitafuna nkuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa. Zoti mbalame zikudya nde kuti ndi zabwino, ayi, mbalame zimadya zinthu zimene ife sitingadye.

Ngati mpaka pano simunaudziwe, funsani. Agogo amene akhalitsa mdera lanu nthawi zambiri amangoona kanthambi nkutchula dzina, makamaka mitengo yachilengedwe ngati mpoza, nthudza, mtowo kapena muula. Ogulitsa mbande ku nazale nawonso amaidziwa kuyambira ili ndi masamba awiri. Amene muli ndi foni yabwinoko jambulani zithunzi zingapo, mtengo wonse uli patali, tsamba pamwamba ndi kunsi, khungwa, duwa ngati lilipo, nkuyika pa mapulogalamu a pafoni ozindikira zomera ngati Google Lens kapena PlantNet, koma yankho lake musalitenge ngati lomaliza, pa mitengo yathu yachilengedwe pena imatchula mtengo wa dziko lina wongofanana masamba. Alangizi a zaulimi ku EPA kwanu (ofesi ya zaulimi ya mdera lanu) ndi a zankhalango alipo chifukwa cha ntchito yomweyi. Zikavutitsitsa panikizani kanthambi pakati pa nyuzipepala ndi chinthu cholemera kuti kaume kali kotambasuka, ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens komwe ntchito yawo ndi kudziwa zomera. Ndipo mwina mudzapeza kuti mtengo wanu si wazipatso nkomwe, ndi wa mthunzi chabe, nde palibe chodandaula.

Tinene kuti mwaudziwa, ndi wazipatso. Funso lotsatira ndi lakuti ndi wokwatitsa (uja wolumikiza kanthambi ka mtengo wina pa tsinde la unzake) kapena womera ku nthanga, ndipo uli ndi zaka zingati. Gwadani muone pa thunthu kuyambira pa nthaka mpaka cha m'bondo, mtengo wokwatitsa umakhala ndi kachipsera kapena potupa pang'ono pomwe anaulumikiza, pena khungwa la pansi ndi la pamwamba limasiyana mtundu. Ngati palibe chilichonse ndipo mtengo wangoongoka kupita kumwamba uli pafupi ndi dzala kapena pomwe anthu ankatsukira mbale, mwachidziwikire ndi nthanga imene wina anataya atadya. Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Peyala wokwatitsa amayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4, wa nthanga amatha kukudikiritsani zaka 7, 10 olo kuposa. Mango okwatitsa zaka 3 kapena 4, a nthanga zaka 5 mpaka 8. Malalanje ndi manachesi a nthanga nawo amachedwa, zaka 7 kupita mtsogolo si zachilendo. Gwafa sachedwa, zaka 2 mpaka 4 wayamba, papaya chaka chisanathe amakhala waonetsa maluwa. Nde ngati peyala wanu wa nthanga ali ndi zaka 5 ndipo thunthu silinakule kwenikweni, palibe chimene chalakwika, nthawi yake sinakwane basi.

Pa okwatitsawa pali vuto lina limene ndimalipeza pakhomo pambiri, anthu nkumati ku nazale anatibera, tinagula lalanje koma likubereka mandimu okhakhala. Nthawi zina si kuberedwa. Malalanje ndi manachesi ambiri amakwatitsidwa pa tsinde la ndimu chifukwa mizu yake ndi yolimba, nde ngati mphukira zatuluka pansi pa polumikiza paja inu osazichotsa, zimakula mwamphamvu kuposa lalanje lenilenilo, kapena mbuzi zinadya kumtunda kuja mtengo uli waung'ono nkuphukira pansi. Mukaona nthambi zochokera pansi zili ndi minga italiitali ndipo masamba ake akusiyana ndi a pamwamba, ziduleni pafupi ndi thunthu penipeni ndipo muzibwereza zikatulukanso. Ngati za pamwamba zinafa kale nde mwatsala ndi tsinde lokha, tikambapo kumapetoku.

Tsopano gawo limene ine ndimati ndi lalikulu kuposa onse, ndipo limafuna kudekha chifukwa simungalichite tsiku limodzi. Muuyang'anitsitse mtengowo nyengo ya maluwa ikafika, kuno kwathu mango ndi mapeyala amachita maluwa kuyambira cha mu Julayi mpaka Seputembala kutengera dera, muzipita pansi pake sabata iliyonse. Kunena kuti sukubereka sikukwanira, muyenera kudziwa pomwe zikuthera. Kodi suchita maluwa nkomwe, kapena maluwa amabwera koma amayoyoka osagwira kanthu, kapena timango timagwira koma timathothoka tisanakule. Zitatuzi zifukwa zake ndi zosiyana ndipo mankhwala a china sangathandize chinzake.

Ngati maluwa sabwera nkomwe pa mtengo woti msinkhu unakwana, yambani kuyang'ana kumwamba. Mitengo yazipatso imafuna dzuwa maola osachepera 6 patsiku, nde ngati wapanikizika pakati pa khoma la nyumba ndi fensi ya njerwa, kapena uli pansi pa bulugama kapena chimtengo cha aneba, umangothamangira kutalika kufuna kuwala. Chachiwiri ndi chakudya chochuluka cha masamba. Mtengo umene uli pafupi ndi khola la nkhuku, chimbudzi, kapena umene mumauthira yuliya wotsala ku chimanga chaka ndi chaka, umaoneka wokongola kwambiri, masamba akuluakulu obiriwira mpaka kuderako, koma maluwa ziii. Yuliya ndi wa masamba, ali ndi nayitrojeni 46 peresenti ndipo alibe china. Musiyeni kaye, muzithira manyowa owolerana bwino mukatha nyengo ya zipatso, ndi kaphulusa ka nkhuni pang'ono komwaza mozungulira, osati kuunjika pa thunthu. Mango ali ndi khalidwe lakenso, amafuna nyengo youma ndi kachisanu kuti atulutse maluwa, nde mango amene ali pomwe pamathera madzi a kubafa kapena pakati pa kapinga wothiriridwa tsiku lililonse amangophuka masamba atsopano nthawi imene anzake akuchita maluwa. Kuyambira mvula ikatha mpaka maluwa atuluke musamuthirire, patutsani ngalande ija ipite kwina.

Kudulira nakonso kumalakwitsa. Mango amachita maluwa kunsonga kwa nthambi zokhwima, nde amene mumasadza mtengo wonse chaka chilichonse cha mu Juni poopa mawaya a magetsi kapena masamba pa malata, mukudula pomwe maluwa amayenera kutulukira. Dulirani mukangotha kukolola, ndipo pang'ono, kuchotsa zouma ndi zopingasa mkati kuti dzuwa lilowe. Mtengo wosadzidwa kwambiri umatha kudumpha chaka kapena ziwiri. Palinso nkhani ya dera, mapichesi ndi maapozi amafuna kuzizira kokwanira, nchifukwa chake amachita bwino ku Dedza, ku Ntcheu cha ku Tsangano ndi kumapiri a Neno, koma mukawatengera ku Nsanje kapena Salima amakula ndithu koma zipatso zokhutiritsa musayembekeze. Apa palibe feteleza angasinthe zinthu.

Ngati maluwa amabwera ambiri koma osagwira, choyamba fufuzani ngati mtengo wanu si wamwamuna. Pa papaya izi aliyense angazione. Wamwamuna amatulutsa timaluwa tambirimbiri pa timapesi tatitali tolendewera, wamkazi duwa lake ndi lalikulu, limakhala pafupi ndi thunthu ndipo mukalitsegula mkati muli kale kapapaya kobulungira. Palinso wa zonse ziwiri, maluwa ake ndi otalikirako ndipo amabereka yekha mapapaya ataliatali. Zomangirira chitsononkho pa papaya wamwamuna ndinaziona kuyambira ndili mwana koma sizimusintha, chimene chimachitika ndi chakuti wamwamuna pena amatha kugwira timapapaya tochepa tolendewera pa timapesi tija nyengo ikasintha, anthu nkumati chitsononkho chagwira ntchito. Koma musadule amuna onse mdera, wamkazi amafuna mungu wawo, mmodzi amakwanira aakazi pafupifupi 10. Mukamadzala mwatsopano ikani mbande 3 kapena 4 pa phando, zikachita maluwa musankhe. Masuku ndi mfula nazonso zili chimodzimodzi, pali mitengo yaimuna ndi yaikazi, nde msuku umene mwausunga pa poloti zaka zambiri ukungochita maluwa ukhoza kukhala wamwamuna, kapena ndi wamkazi koma aamuna onse anathera makala.

Peyala alibe mwamuna ndi mkazi padera koma maluwa ake ali ndi kachitidwe kodabwitsa. Duwa limodzi lomwelo limatseguka koyamba lili lachikazi, kenako limatseka, mawa lake nkutsegukanso lili lachimuna. Mitundu ina ngati Hass imakhala yachikazi m'mawa, ina ngati Fuerte imakhala yachikazi masana, nde zikakhala moyandikana njuchi zimanyamula mungu uku ndi uku zipatso nkugwira zambiri. Peyala amene ali yekhayekha amatha kubereka ndithu koma pena mochepa, ndipo kudzala wina wa mtundu wosiyana pafupi kumathandiza. Komanso musadabwe kuona maluwa a peyala ali mbwee pansi, pa maluwa masauzande ndi ochepa kwambiri amene amasanduka zipatso olo pa mtengo wathanzi.

Imani pansi pa mtengo cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa mumvetsere. Ngati kuli phokoso la njuchi ndi ntchentche ndi bwino, mango makamaka amadalira kwambiri ntchentche. Ngati kuli chete dzifunseni ngati simunapope mankhwala a tizilombo nthawi ya maluwa, kapena ngati munda wa tomato wapafupi sukupopedwa m'mawa uliwonse. Nthawi ya maluwa mankhwala opha tizilombo asayandikire mtengo. Tengani ngala imodzi ya maluwa a mango muione pafupi, ngati pali tiufa toyera pa timapesi ndipo maluwa akuuma nkugwa, imeneyo ndi nthenda imene imakonda nyengo yozizira ija, ndipo ngati maluwa akuda ngati apsa pambuyo pa chiperoni kapena mvula yowaza ndi nthenda inanso ya chinyezi. Mankhwala a nthenda zimenezi alipo kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, a tiufa toyera nthawi zambiri amakhala a salufa, koma amapopedwa maluwa asanatseguke, nde funsani alangizi za mlingo ndi nthawi, musangosakaniza mwa mphekesera. Pa chimango chachikulu chosafikirika ndi sipuleya, kuchotsako nthambi za mkati kuti mphepo izidutsa ndi chimene mungakwanitse.

Zikakhala kuti tizipatso timagwira koma timathothoka, kawirikawiri ndi ludzu. Okutobala ndi Novembala kumatentha pomwe tizipatso tikufuna madzi ambiri, nde apa ndi pomwe mango aja munawamana madzi muyambe kuwathirira, malalanje ndi mapeyala chimodzimodzi. Madzi musathire pa thunthu, mizu yomwa ili cha pomwe nthambi zathera, kumbani kangalande kosaya mozungulira pamenepo, thirani zidebe zingapo kamodzi pa sabata kuti alowe pansi, nkuphimbira ndi udzu kapena mapesi koma osagunditsa ku thunthu chifukwa cha chiswe. Chizolowezi chathu chosesa pansi pa mtengo mpaka kuoneka mizu nkuotcha masamba pomwepo chimaumitsa nthaka, ndipo moto umawaula maluwa a nthambi za m'munsi. Peyala yekha samalani, safuna madzi odikha, mizu yake imawola msanga ndipo mumaona masamba akufota nsonga za nthambi zikuuma olo pansi pali ponyowa. Kuthothoka kwina ndi kwachibadwa, mtengo umataya zimene sungathe kulera. Ndipo mango ndi mapeyala ambiri amabereka kwambiri chaka chino, chaka chamawa nkupuma, nde chaka chimodzi chokha sichokwanira kuweruza, funsani amene analipo kale ngati unaberekapo.

Za misomali ndi kutematema khungwa ndi chikwanje anthu amandifunsa kawirikawiri. Msomali sudyetsa mtengo chilichonse. Kutema khungwa kuli ndi kachoonadi kake, chakudya chimene masamba apanga chimatsikira ku mizu kudzera mkati mwa khungwa, nde mukachitsekereza kwa kanthawi chimaunjikana kumtunda ndipo mtengo wokhwima umatha kuchita maluwa. Koma mmene anthu amachitira, kutema thunthu lonse mabala akuluakulu, ndi kuitana chiswe ndi matenda, ndipo mukasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse mtengo umafa. Amene mukufunitsitsa kuyesa sankhani nthambi imodzi yokha, lembani mzere umodzi wopyapyala ndi mpeni wakuthwa kuzungulira nthambiyo kutatsala mwezi kapena iwiri kuti nyengo ya maluwa ifike, osachotsa khungwa, ndipo pa mtengo wathanzi wokha. Ine ndimakonda munthu ayambe wakonza za dzuwa, madzi ndi feteleza zija.

Nanga ngati mwapeza kuti ndi wa nthanga wochedwa, kapena umabereka koma zipatso zake ndi zaulusi zosakoma, kapena ndi tsinde la ndimu lija latsala lokha? Apanso mizu ija ndi chuma, musaizule. Mtengo waukulu umatheka kuukwatitsa pomwepo. Mumadula nthambi zikuluzikulu cha pa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pansi nkusiyako imodzi kuti izidyetsa mtengo, thunthu nkulipaka laimu kuti lisapse ndi dzuwa. Mphukira zikatuluka nkukula kufika pa saizi ya pensulo, mumasankha zamphamvu zingapo nkukwatitsapo timitengo tochokera ku mtengo umene zipatso zake mumazidziwa ndi pakamwa panu, mango pa mango, peyala pa peyala, lalanje kapena nachesi pa ndimu. Polumikiza mumamanga zolimba ndi kapulasitiki kuti madzi ndi mphepo zisalowe, zikagwira mumachotsa mphukira zina zonse ndipo kenako nthambi ija munasiya. Chifukwa mizu ndi yaikulu kale, pa zaka 2 kapena 3 mumayamba kudya. Msuku wamwamuna nawo umatheka kukwatitsapo wamkazi ngakhale umavutirapo kugwira. Ngati dzanja lanu silinazolowere, anyamata a ku nazale amabwera kudzachita pa mtengo wogwirizana, ndipo amene muli chakummwera ku Bvumbwe Research Station ku Thyolo ndi komwe amadziwika ndi za mitengo yazipatso. Amene muli pa lendi yambani mwagwirizana ndi eni nyumba musanadule nthambi iliyonse yaikulu, ndipo mpeni wokwatitsira muzipukuta ndi sipiriti musanachoke pa mtengo wina kupita pa unzake.